Jury Chechi: n'chifukwa chiyani amamutchabe mwini maring'i, mendulo ya golide ya Olimpiki ili imodzi yokha?

Mbewe wa ku Mufakose

Moni nonse achimwene ndi achemwali. Kuno ku Mufakose kuli anyamata amene anamangirira maring'i awiri pachitsulo cha golo yakale. Madzulo alionse mumawapeza akulendewera, foni ayitsamiza panjerwa, ikuonetsa kanema wa katswiri wa jiminasitiki wa ku Italy wa tsitsi lofiirira, Jury Chechi. Ena akuti ameneyu ndiye mwini maring'i, palibenso wina. Ena akukana, akuti munthu wa golide mmodzi wa Olimpiki sangapose Liu Yang wa ku China amene anapambana kawiri. Mkangano wake wafika mpaka kwa makolo.

Ndili ndi mafunso awiri kwa inu odziwa masewerawa. Loyamba, kodi Chechi anachita chiyani chenicheni kuti dzina lake likhalebe pakamwa pa anthu, chipumireni mu 2004? Lachiwiri ndi limene likundidetsa nkhawa. Anyamatawa akulimbana ndi uja amati mtanda, kutambasula manja uku ndi uku thupi lili lendee pakati, ndipo awiri ayamba kale kudandaula zigongono. Kodi mtandawu amauphunzira bwanji osadzivulaza?

aPhiri a ku Highfield

Achimwene a Mbewe, amene akuwerenga mendulo za Olimpiki zokhawo akusiya mbali yaikulu ya nkhani. Ndiyambe ndi funso loyamba.

Chechi anabadwa pa 11 Okutobala 1969 ku Prato, pafupi ndi Florence. Dzina la Jury makolo ake analitengera kwa Yuri Gagarin. Anayambira ku kalabu ya kwawo ya Etruria, ndipo mu 1984, asanakwane n'komwe zaka 15, anasamukira ku Varese kukakhala m'manja mwa mphunzitsi Bruno Franceschetti. Ku Olimpiki anayamba kupita mu 1988 ku Seoul ali ndi zaka 18. Pampikisano wa dziko lonse anatenga bulonzi pa maring'i mu 1989 ku Stuttgart ndi mu 1991 ku Indianapolis, ndipo pampikisano wa mayiko a ku Ulaya anali atapambana kale mu 1990 ndi mu 1992.

Ndiye kuti Olimpiki ya ku Barcelona mu 1992 ikuyandikira, maso onse anali pa iye. Kutangotsala pafupifupi mwezi, ali mkati mokonzekera, mtsempha waukulu wa kuchidendene unaduka. Golide wa maring'i anapita kwa Vitaly Scherbo, uja anakolola golide kasanu ndi kamodzi chaka chimenecho.

Zimene zinatsatira ndi zimene zinamupangira dzina. Anapambana mpikisano wa dziko lonse pa maring'i zaka zisanu zondondozana: 1993 ku Birmingham, 1994 ku Brisbane, 1995 ku Sabae, 1996 ku San Juan, 1997 ku Lausanne. Ku Ulaya anawonjezera 1994 ku Prague ndi 1996 ku Copenhagen. Ku Atlanta mu 1996 anapeza 9.887, pamene Szilveszter Csollány wa ku Hungary ndi Dan Burincă wa ku Romania anagawana siliva ndi 9.812. Kusiyana kwa 0.075 kukuoneka kochepa papepala, koma m'masiku amene malikisi ankathera pa 10, anthu ankalekana ndi 0.012 kapena 0.025. Kwa Italy, ameneyu anali golide woyamba wa jiminasitiki chitengereni Franco Menichelli ku Tokyo mu 1964, ndipo pa maring'i chitengereni Francesco Martino ku Paris mu 1924. Dziko linadikira zaka 72.

Atapambana ku Lausanne anapuma, kenako anabwerera kuti akateteze golide wake ku Sydney mu 2000. Apanso tsoka, mtsempha wa katumba wa mkono unaduka miyezi ingapo masewera asanayambe. Ku Sydney anapambana Csollány uja amene anamusiya kumbuyo ku Atlanta. Munthu wa zaka 30, wong'ambidwa kawiri, aliyense anati basi zatha. Koma mu 2004 ku Athens, ali ndi zaka 34, ndiye ananyamula mbendera ya Italy potsegulira, n'kutenga bulonzi ndi 9.812. Ife a kuno Olimpiki imeneyi timaikumbukira chifukwa cha wosambira wathu wa ku Zimbabwe, Kirsty Coventry, amene anabwera ndi golide, siliva ndi bulonzi. M'masiku omwewo ndi m'mene Chechi ankatsazika.

Tsono werengani bwino. Maolimpiki awiri amene anali pachimake kapena pafupi napo, 1992 ndi 2000, anawaonera pambali chifukwa cha mitsempha. Golide mmodziyo sakufotokoza kukula kwa munthu, akufotokoza kuti mwayi wabwino anaupeza kamodzi. Ku Italy amamutcha Signore degli Anelli, kutanthauza mbuye wa maring'i, ndipo potsegulira Olimpiki ya m'nyengo yozizira ku Torino mu 2006 anasankha iye kuti ayambitse mwambo pomenya chitsulo chosulira ndi nyundo, moto n'kumalilima.

Nangozo wa ku Mabvuku

Bambo Phiri ayala bwino zaka ndi malo. Ine ndifotokoze zimene majaji amayang'ana, chifukwa popanda zimenezi kanema wa Chechi amangooneka ngati munthu wamphamvu akulendewera.

Amuna amapikisana pa zipangizo zisanu ndi chimodzi, ndipo maring'i okha ndi amene sanamangidwe nji. Amalendewera ku zingwe za mamita pafupifupi 3, motalikirana masentimita 50, mopitirira mamita awiri ndi theka kuchokera pamatiresi. Ring'i iliyonse ndi yamtengo, masentimita 18 m'kati mwake, kunenepa kwake masentimita 2.8. Chilichonse chimene thupi lachita chimapita ku zingwe. Phewa limodzi likafooka pang'ono, chingwe chimaulula.

N'chifukwa chake ndikuti anyamatawo aonerenso kanema wa ku Atlanta, koma ulendo uno asayang'ane munthu, ayang'ane zingwe. Amachoka pakatungwe wamphamvu, thupi likuzungulira ndi liwiro, n'kufika poima chadodolido, zingwe zili phee ngati zojambula. Kuimitsa katungwe chotero n'kovuta kuposa mtanda weniweniwo. Wosewera akafulumira kapena kuchedwa pang'ono kukoka maring'i pamene thupi likudutsa pansi, zingwe zimayamba kupita kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo sizisiya zokha. Majaji amadula pa chilichonse chimene achite zingwe zikugwedezeka.

Kaimidwe kalikonse kamphamvu kayenera kugwiridwa masekondi 2 athunthu, ndipo kuwerenga kumayamba thupi litaima, osati likutsikabe. Apa m'pamene ambiri amabera. Amafika, n'kunjenjemera sekondi imodzi, n'kuthawira kwina. M'malamulo a masiku ano cholakwa chaching'ono chimadya 0.1, chapakati 0.3, chachikulu 0.5, kugwa 1.0. Wosaimirira n'komwe, kapena wopatuka madigiri opitirira 45 pa mzere woyenera, kaimidweko sikawerengedwa.

Pamtanda jaji amayang'ana zinthu zingapo nthawi imodzi. Mapewa akhale pamzere umodzi ndi manja, osati pamwamba. Mtanda wokwera ndi wopepuka kwambiri, ndipo ukajambulidwa chakutsogolo umanamiza diso. Zigongono ziwongoke. Dzanja lisapindikire pamwamba pa ring'i mpaka ring'iyo kukhala pamfundo, chifukwa kutero n'kufupikitsa mkono mwakuba. Mikono isatsamire malamba. Pa Maltese, uja thupi limagona chafufumimba mofanana ndi maring'i, chiuno chisagwe ndipo mapazi asakwere. Kenako kutera: phazi likasuntha, malikisi apita.

Chechi analibe chobisa pa zonsezi. Mizere yake inali yoongoka, amagwira mpaka jaji atawerenga n'kutsala, nkhope ili bata, zala za kumapazi zitasongoka. Kumbukiraninso kuti mpaka 1996 panali masewero okakamiza, amene aliyense ankachita zofanana ndendende, kuwonjezera pa odzisankhira. Pamenepo sungabisale kuseri kwa zovuta zako. Majaji amakuika pambali pa mnzako pa chinthu chimodzimodzi. Anakulira m'sukulu imeneyo, ndipo zikuonekera pa kayendedwe kake konse. Kwa ine ichi ndi chifukwa chake aphunzitsi amaonetsabe ana kanema wa zaka pafupifupi makumi atatu zapitazo.

Banda wa ku Dzivarasekwa

Mayi Nangozo ndi bambo Phiri, ndikugwirizana nanu pa zambiri, koma anyamata otsutsa aja tisawatsekere pakamwa, ali ndi mfundo.

Zaka zisanu zondondozana zija zinatheka chifukwa m'zaka za m'ma 1990 mpikisano wa dziko lonse unayamba kuchitika pafupifupi chaka ndi chaka. Kale sizinali choncho. Kuyambira 1950 mpaka 1978 unkabwera kamodzi pa zaka zinayi. Albert Azaryan wa ku Armenia, amene ankaimira Soviet Union, anatenga golide wa maring'i ku Olimpiki ya 1956 ndi 1960, komanso pa dziko lonse mu 1954 ndi 1958. Akanakhala ndi mpikisano chaka chilichonse akanaunjika zingati? Akinori Nakayama wa ku Japan nayenso anapambana Olimpiki kawiri, 1968 ndi 1972. Onsewa mayina awo ali m'buku la malamulo pa mitundu ya mtanda imene anayambitsa.

Chachiwiri, kuvuta kwa masewero kwakwera. Zimene amachita Liu Yang, wa golide ku Tokyo ndi ku Paris, kapena Eleftherios Petrounias wa ku Greece, wa golide ku Rio mu 2016, n'zolemera kuposa za 1996. Chen Yibing anapambana dziko lonse kanayi ndi Olimpiki ya 2008. Sitingaike 9.887 ya Chechi pambali pa malikisi a masiku ano ngati 15.300, chifukwa kuyambira 2006 malikisi amagawidwa pawiri: a kuvuta, amene alibe malire, ndi a kachitidwe, amene amayambira pa 10 n'kumadulidwa. Lero salolanso kulumikiza kaimidwe kamphamvu kopitirira katatu popanda katungwe pakati.

Kusintha kwa malikisiku kunabwera pambuyo pa Athens yomweyo. Majaji analakwitsa malikisi a Yang Tae-young wa ku South Korea, golide wa mpikisano wa zipangizo zonse n'kupita kwa Paul Hamm wa ku America. Owonerera anakuwiza majaji kwa mphindi zingapo chifukwa cha malikisi a Alexei Nemov pa chitsulo chopingasa, pamene Igor Cassina wa ku Italy anapambana. Pa maring'i golide anapita kwa mwini mudzi, Dimosthenis Tampakos, ndi 9.862, Jordan Jovtchev wa ku Bulgaria n'kupeza 9.850. Chechi ananena poyera kuti woyenera golide anali Jovtchev. Sanadzitchule yekha, anatchula mnzake. Chimenechi ndimachiika pamwamba pa bulonzi uja.

Ndiye ndinganene kuti wamphamvu kuposa onse ayi, koma wolamulira nyengo yake motalika chotero, inde. Ndipo anasiya mbewu kwawo: Matteo Morandi anatenga bulonzi ku London mu 2012, Marco Lodadio anakwera pansanja ya dziko lonse mu 2018, 2019 ndi 2021.

Chisale wa ku Tafara

Funso lachiwiri lisakwiririke, achimwene a Mbewe, chifukwa zigongono zimene zayamba kuwawazo ndi chenjezo. Awiriwo asiye mtanda lero lomwe.

Vuto lake ndi ili. Minofu imalimba msanga, pa milungu yochepa munthu amaona kusintha. Mitsempha imene imamangirira minofu ku mafupa imalandira magazi ochepa ndipo imatenga miyezi yambiri kuti ifanane ndi mphamvu yatsopanoyo. Mnyamata wonyamula zitsulo amafika pa maring'i chifuwa ndi msana zili zokonzeka, chigongono chisanakonzeke. Pamtanda, munthu wa makilogalamu 60 amaika makilogalamu 30 kudzanja lililonse, kumapeto kwa mkono wowongoka wa masentimita 55 kapena 60. Yesani kunyamula ndowa yamadzi mkono mutautambasula cham'mbali, muona kusiyana kwake ndi kuinyamula pafupi ndi ntchafu. N'chifukwa chake akatswiri a maring'i ambiri ndi aafupi a mikono yaifupi. Mnyamata wamtali adzatenga nthawi yaitali, si ulesi ayi.

Poyambira ndi kungodzichirikiza pamwamba pa maring'i, manja m'mbali mwa chiuno, zigongono zokhoma, mapewa atakankhidwira pansi kutali ndi makutu, maring'i atatembenuzidwa kuti zikhato ziyang'ane chakutsogolo pang'ono. Mikono isakhudze malamba. Amene sangathe masekondi 30 mpaka 60 osanjenjemera asaganize n'komwe za mtanda. Ambiri amagwera pomwepa, ndipo amadabwa.

Zikatheka zimenezo, abwere pa kudzikoka ndi kudzitsitsa pa maring'i mosathamanga, kenako kupisa miyendo pakati pa manja n'kulendewera chakumbuyo kuti mapewa amasuke. Kaimidwe kogona, kaya chagada kaya chafufumimba pansi pa maring'i, ayambe mawondo atapinda, kenako mwendo umodzi, kenako miyendo yotangadza, pomaliza thupi lonse. Chafufumimbacho asamale nacho. Zikhato zikayang'ana pansi, katundu yense amagwera pa mtsempha wa katumba pachigongono, ndipo ambiri amaudulira pamenepo chifukwa chogweramo mwamphamvu m'malo motsika pang'onopang'ono.

Mtanda weniweni umaphunziridwa katundu atachepetsedwa. Njira yotchipa ndi kutsitsa maring'i mpaka pachifuwa, mapazi ali pansi kapena pabokosi, miyendo n'kumathandiza. Ina ndi kupisa manja m'malamba kuti lamba agwire mkono pafupi ndi chigongono; mwezi ndi mwezi lambayo azisunthira chakudzanja. M'makalabu amagwiritsa ntchito lamba wa m'chiuno womangidwa ku zingwe zodutsa pa mapule, amene amachotsa theka la kulemera kwa thupi. Mnzako akhozanso kukugwira m'chiuno chakumbuyo. Azitsika pang'onopang'ono mpaka pamene angathe kubwerera okha zigongono zisanapinde, agwire masekondi 5, akwere. Maulendo atatu mpaka asanu akwana, kawiri kapena katatu pamlungu, tsiku limodzi kapena awiri opuma pakati. Atenthetse thupi kaye mphindi 10 kapena 15, makamaka m'mawa wa Juni ndi Julayi pamene Harare yazizira. Zoti mtanda umatheka pa miyezi itatu aiwale; aziwerenga chaka, ambiri ziwiri kapena kuposa.

Kutopa kwa minofu kumatha pa masiku awiri kapena atatu. Ululu wobaya m'kati mwa chigongono kapena kutsogolo kwa phewa, umene ukubwera nthawi iliyonse mkono ukawongoka, umenewo ndi wa mtsempha, ndipo suchira pouumiriza. Akamva kuti thii, mkono n'kufooka, katumba n'kukhwinyatira malo amodzi ngati mpira, khungu n'kuda, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Mtsempha wodukira pachigongono umasokedwa bwino m'milungu iwiri kapena itatu yoyamba. Mukachedwa umabwerera m'mwamba n'kuuma. Kuthowa ndi madzi otentha sikungaulumikize. Ana amene akukulabe, mafupa awo asanakhwime kumapeto, achite zodzichirikiza ndi katungwe wamng'ono basi.

Auzeni kuti Chechi amene akumusirirayo anali ndi mphunzitsi, madokotala ndi zaka zoposa makumi awiri pa maring'i, koma mtsempha wa mkono unadukabe. Za chidendene nazo si zachilendo m'masewerawa. Vanessa Ferrari, wa ku Italy yemweyo, anadula wake mu 2017 ku Montreal akuchita masewero a pansi, n'kudzatenga siliva ku Tokyo mu 2021.

Mbewe wa ku Mufakose

Zikomo kwambiri nonse, ndawatumizira anyamata zonsezi. Kafunso kena, bambo Chisale. Maring'i awo ndi achitsulo, owotcherera, ndipo anamanga ndi chingwe cha nayiloni. Akuganiza zokawotcheretsa chimango chachitali ku Siyaso kuti aziyeseranso katungwe ndi kudumpha potsika. Zili bwino?

Chisale wa ku Tafara

Chimango cholimba n'chabwino, koma cha kaimidwe kamphamvu kokha. Katungwe wamkulu ndi kudumpha ayi. Thupi likamadutsa pansi pa katungwe, zingwe zimanyamula kulemera kwa munthu kangapo, ndipo chimango cha mpikisano chimakokedwa ndi mawaya anayi omangidwa pansi, pamwamba pali tizitsulo tozungulira kuti chingwe chisapotane, pansi pali matiresi a masentimita 20. Pafumbi kapena pasimenti, kutera kolakwika kamodzi ndi bondo kapena khosi.

Maring'i achitsulo amaterera ndi thukuta, ndipo pa dzuwa la Okutobala amaotcha. Ngati amtengo sakupezeka, apale polumikiza mpaka pasalale, akulunge ndi tepi wansalu, kunenepa kukhale pafupi ndi masentimita 2.8, osapitirira 3.2. Choko chake ndi magnesium carbonate, osati cha pabolodi, ndipo ufa wa ana usayandikire, umatereretsa. Chingwe cha nayiloni chimatamuka ndipo mfundo zake zimasuntha, ring'i imodzi n'kutsika osazindikira, phewa limodzi n'kumanyamula zambiri. Apeze malamba ophwatalala okhala ndi chomangira cha mano. Lamba alowe chakumbuyo kwa chomangira n'kutulukira kutsogolo. Akalowetsedwa mozondoka amagwira poyamba, n'kupulumuka munthu atakwera. Alembe mizere ndi cholembera pa malamba onse awiri kuti msinkhu uzifanana, atalikirane masentimita 50, ndipo pamene lamba wadutsa pachitsulo ayalepo chidutswa cha chubu cha tayala kuti asadyeke. Akamaliza azimasula n'kulowetsa m'nyumba, dzuwa ndi mvula zimafooketsa ulusi. Asanakwere tsiku lililonse, wolemera kuposa onse ayambe walendewera mapazi ali pafupi ndi pansi, agwedeze kawiri katatu, ayang'ane chomangira ndi powotcherera ngati pali mng'alu.